Nthuli Yoyamba M'mbale ya a Matewere

Barking, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu ndizisiye, munazimva mpaka kutopa nazo. Ndiyambire pa ntchito, poti ndiyo inakulerani. Ndikulemba m'Chichewa dala. Mukapeza mawu okuvutani mukafunse bambo anu, nawonso apeze chochita m'malo mongokhalira kukangana ndi wailesi yakanema.

Kuno ku London amene anaitanidwa ndi bambo anu, chifukwa cha unamwino wawo. Ine ndinangobwera ngati katundu wawo. Kumudzi ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ana ankandiimirira ndikalowa m'kalasi, koma satifiketi yanga itawoloka nyanja inasanduka pepala wamba. Ntchito yoyamba imene ndinapeza inali yotsuka mapoto m'khitchini ya nyumba ina yosamaliramo okalamba ku Barking. Bwana wanga anali Maureen, mayi wa ku Ireland, wamfupi, wojintcha, wapakamwa kuposa ine, ndipo mukudziwa kuti kundiposa ine pamenepo si zamasewera. Sabata yoyamba ndinkalira m'basi pobwerera, manja atatuwa ndi sopo, mapazi atachita dzanzi ndi chisanu. Sabata yachitatu ndinayamba kumuyankha. Tsiku limene ndinamuuza kuti poto amene akundikalipira wapsereza ndi iye mwini, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka nkuseka. "Esnart, siya zotsukazo, bwera kuno pamoto," anatero. Uphunzitsi wanga wachiwiri unayambira pamenepo, koma ulendo uno wophunzira ndinali ine.

Lachitatu lililonse, chakudya chamadzulo cha okalamba aja chinali chimodzimodzi: nyama yogaya youmbidwa, yophikidwa mu girevi wa anyezi, pambali pake mbatatesi yosinja ndi kaloti. Eni ake ali ndi dzina lawo, ine ndinkangoti zitumbuwa za nyama. Maureen ankaviika buledi wogonera mumkaka, nkumufinya, nkusakaniza ndi minsi, nyama yogaya ija, kenaka dzira, mchere, tsabola wakuda ndi anyezi wopala. Poumba sankafuna kuti uzikanya ngati ukuumba njerwa. Umangogwira mopepuka, nkubonyola pakati ndi chala chachikulu kuti chitumbuwa chisatupe pamoto. Ukazikazinga pachiwaya chotentha kwambiri mpaka kunja kufiire, umazichotsa, ndipo zokakamira pansi pa chiwayacho sutsuka, chifukwa kukoma konse kuli pamenepo. Vuto langa linali anyezi. Ine ndinazolowera zakwathu: anyezi m'mafuta, kutembenuza kawiri, tomato pompo. Tsiku loyamba ndinatenga tomato, Maureen anandilanda m'manja. "Uyu akulowa kuti? Anyezi musiye yekha, moto uchepe, ndipo usamuthamangitse." Ndinaima pamenepo mpaka miyendo kuwawa, anyezi akufota pang'onopang'ono, akusintha mtundu mpaka kukhala ngati shuga wabulauni. Kenaka ufa wa tirigu pang'ono, msuzi wa mafupa, nkubwezeramo zitumbuwa zija kuti zibwadamuke mofatsa. Fungo lake linkakwera mpaka m'zipinda za pamwamba, moti anthu amene ankaiwala mayina a ana awo ankadziwa kuti lero ndi Lachitatu.

Chakudya chimenechi ndinabwera nacho kunyumba, ndipo mukuchikumbukira. Fulati yathu ija ya pamwamba pa shopu, mawindo akulira ndi mphepo, bambo anu ali kushifiti, ine ndafika wotopa ngati galu. Minsi inali yotchipa ndipo sinkachedwa kupsa. Iwe Chisomo unkasenda anyezi ukulira ndi kudandaula m'Chingerezi, Tadala ankakumba dziwe pakati pa mbatatesi kuti girevi asathawe, ndipo Yamikani, amene lero amatiuza kuti nyama yofiira si yabwino m'thupi, ankanyambita mbale mpaka kuwala. Ndinkakufunsani m'Chichewa kuti mwakhuta, inu nkumati, "Yes, Mum." Ndimazisowa zaka zimenezo. Tinalibe kanthu, koma tonse tinkakwana patebulo limodzi laling'ono.

Ilford, zaka za m'ma 2010

Maureen atapuma ntchito nkubwerera kwawo, ine ndinapeza malo a mkulu wa khitchini panyumba ina ya okalamba ku Ilford. Manejala wake anali Denise, mayi wobadwira konkuno koma makolo ake ochokera ku Jamaica. Ndagwirapo ndi mabwana ambiri, ena ongodziwa kuloza ndi chala, koma Denise anali wachilungamo. Akakudzudzula sankakweza mawu, ndipo wophika akadwala ankavala apuloni yekha nkusenda mbatatesi. Chimodzi chokha: lamulo kwa iye linali lamulo, ngakhale ulire magazi.

Zaka zimenezo zinali zaumphawi m'khitchini. Nyumbayo inagulidwa ndi eni ake atsopano amene sitinawaonepo nkhope, ndipo chaka chilichonse katundu ankabwera wocheperako. Minsi inkafika yamafuta okhaokha, ukaiika pamoto theka nkusungunuka. Ndinaphunzira kuichulukitsa ndi ufa wa oti wophikira phala ndi kaloti wopala, ndipo palibe gogo ndi mmodzi yemwe amene anazindikira. Kenaka anatiuza kuti tizingotenthetsa zakudya zophikaphika zochokera kufakitale, zobwera zitaumitsidwa m'mathireyi. Masiku ena ndinagonja, koma Lachitatu ndinakana. Ndinamuuza Denise kuti girevi wa m'paketi ndi madzi amatope, ndipo akafuna kumupereka kwa anthu akulu ngati amenewa akapereke yekha. Anapukusa mutu, nati, "Esnart, iwe udzandiphetsa," koma anandimenyera nkhondo kwa eni ake ndipo Lachitatu linatsala lathu.

Panali lamulo lina limene muyenera kulimvetsa kuti zotsatirazi zimveke. Wantchito sankaloledwa kudya kanthu kalikonse ka m'mbale ya wokalamba, ngakhale kotsala kopita kubini. Kwathu zotsala m'mbale ya wamkulu ndi mwayi wa ana, koma kuno amati ndi kubera munthu wosatha kudziteteza. Ndipo lamulolo linali ndi chifukwa chake, poti m'nyumba zina anthu opanda chisoni ankadyadi chakudya cha okalamba nkunama kuti adya okha. Ndinaona ndi maso anga mtsikana wina wosamalira okalamba akuchotsedwa ntchito chifukwa chodya kapudini, kachakudya kotsekemera, kamene gogo wina anasiya. Denise anamuperekeza mpaka pageti misozi ili m'maso, koma sanabweze mawu.

Chaka chimene a Matewere anabwera

Ndinali nditatsala ndi zaka zochepa kuti ndipume pamene anatibweretsera bambo wina wamtali, woonda, wovala tayi tsiku lililonse ngati akupita ku ofesi. Akazi awo anali atamwalira kumene, ndipo iwo anali ndi matenda oiwala aja. Dzina lawo a Matewere. Masabata oyamba ankadya bwino, makamaka Lachitatu, mbale yawo inkabwerera ngati yatsukidwa kale. Tsiku lina mmodzi mwa osamalira anandiuza kuti bambo a m'chipinda cha kumapeto aja ndi a kwanu. Zaka zonsezo ndikuphikira azungu, amwenye ndi a ku Nigeria, lero Mmalawi weniweni ali pamwamba pa mutu wanga? Lachitatu lotsatira ndinavula apuloni yothimbirira, nkuvala yoyera, nkunyamula thireyi ndekha.

Ndinagogoda, nkunena odi, nkugwada pang'ono poika thireyi patebulo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Nkhope yawo inawala ngati ya mwana. "Ndaswera, mayi, kaya inu? Ha, Chichewa. Khalani pansi, khalani pansi."

Ndinakhala, ndipo ndinachita zimene Mmalawi aliyense amachita akakumana ndi mnzake kutali ndi kwawo. Ndinafunsa kuti kumudzi ndi kuti. Anatchula boma lawo, koma mwapansipansi. Ine osazindikira kanthu ndinapitiriza: mudzi wake uti, mfumu yake ndani, achibale amene atsala kumeneko ndi ndani, mwina ndingawadziwe. Foloko inali itafika kale pafupi ndi pakamwa. Anaitsitsa pang'onopang'ono.

"Wakutumani ndani?"

"Palibe, bambo. Ndine wophika wa pano. Izi mukudyazi ndaphika ndine."

Anayang'ana mbale ija nthawi yaitali, kenaka anaikankhira kumapeto kwa tebulo ndi nsonga za zala. "Zikomo, mayi. Mukawauze kuti mwandipeza."

Kuyambira tsiku limenelo a Matewere anasiya kudya chilichonse chochokera m'khitchini mwanga. Ankalandira nthochi yosenda okha, mabisiketi a m'paketi yosatsegula, ndi madzi otunga okha pampopi. Munthu wamkulu sangakhalire zimenezo. Kolala ya shati inayamba kulendewera m'khosi, lamba anamuboola bowo lina. Tinayesa zonse. Ndinawaphikira mpunga ndi nyemba zakwathu poganiza kuti mtima ufewa, koma ndiye ndinaonjeza moto: anaitana wosamalira kuti achotse mbaleyo m'chipinda msanga. Denise anakawauza kuti wophika uja anachoka, tsopano akuphika ndi mzungu. Anadya tsiku limodzi. Mawa lake anamva kuseka kwanga kukukwera ndi lifiti, poti kuseka kwanga mukukudziwa, ndipo zinathera pomwepo. Dokotala atawayeza ananena mosabisa kuti akapitiriza kutsika chonchi apita kuchipatala kukawadyetsera m'chubu, ndipo munthu wa matenda amenewo akapita kumeneko kawirikawiri sabwerako. Usiku sindinkagona. Ndinapita kukapereka moni, ndipo moni wangawo unali kupha munthu.

Mwana wawo wamkazi, Thoko, ankakhala ku Wembley ndipo ankabwera Loweruka. Anali mayi wamkulu kale, wa ana akeake, woleredwa konkuno ngati inu: ndikamuyankhula m'Chichewa ankamva zonse koma nkuyankha m'Chingerezi. Ankabwera ndi chakudya chophika yekha, koma bambo ake ankafunsa ngati chadutsira kukhitchini kukatenthetsedwa, ndipo masiku ena sankamuzindikira n'komwe. Loweruka lina masana ndinamupeza atakhala pabenchi m'dimba la kuseri, ndipo ndinamupepesa. Anati si mlandu wanga, kenaka anandifotokozera. Bambo ake anathawa kumudzi nthawi ya chipani chimodzi, ali mnyamata wa ndale. Anayamba akhala m'dziko loyandikana nalo, kumene mnzawo wapamtima anamwalira atadya paphwando la Amalawi anzawo. Kaya munalidi mankhwala kaya anali matenda chabe, palibe akudziwa, koma bambowo anakhulupirira kuti anamuthirira. Mafunso amene ndinawafunsa aja, mudzi, mfumu, achibale, ndi amene akazitape ankafunsa kuti akavutitse otsala kumudzi. Thoko anati pa ubwana wake wonse sanadyepo kunyumba kwa Mmalawi. Wina akabwera ndi kaphukusi ka ufa kapena usipa kuchokera kumudzi, bambo ake ankathokoza mwaulemu, mlendo akangotuluka nkukataya m'bini. Zinthu zitasintha kumudzi mantha aja anazilala, mpaka anayamba kupita kumaukwati. Tsopano matenda anali atafufuta zaka zabwinozo nkuwasiyira zakalezo.

"Nanga kunyumba ankadya bwanji?" ndinafunsa.

"Zophika amayi zokha," anatero Thoko. "Nyama yanu ya Lachitatuyi amayi anaiphunzira kwa mayi amene tinkachita lendi kwawo, ndipo inali ya pakati pa sabata kwathunso." Kenaka anaseka pang'ono. "Amayi anali ndi kachizolowezi koseketsa. Akawaikira mbale, ankatenga foloko ya adadi, nkudula kanthuli, nkudya iwo, kenaka nkuwabwezera folokoyo. Tsiku lililonse. Ife tinkawanena kuti ndi akuba."

Ndinakumbukira kwathu, mayi akamapereka thobwa kwa mlendo: amayamba wamwako yekha pamaso pake, kenaka nkumupatsira chikho.

"Thoko, mayi ako sankaba," ndinatero. "Ankawalawira."

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti mawuwo wawamva bwinobwino. Anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Zaka zonsezo ankaona chinthucho patebulo osadziwa kuti akuona chiyani.

Lolemba ndinapita kwa Denise nkumufotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati akundikhulupirira, koma sangandilole payekha. Ayenera kupempha kwa eni nyumba, ndipo iwo amakumana pakapita masabata. Dokotala anali kubweranso sabata yotsatira. "Ukachita ndisanalandire yankho, ndidzayenera kulemba zimene ndaona," anatero. "Ukudziwa zimene zinamuchitikira mtsikana uja." Madzulo ndinawauza bambo anu tikudya. Iwo monga namwino ankadziwa bwino kulemera kwake. "Amayi a Chisomo, akakuchotsani pa mlandu wotere, dzina limada mpaka kalekale. Palibe nyumba ina ingakulembeni, ndipo zaka zonsezi mwagwira bwino zithera pamenepo." Ndinawafunsa kuti akanakhala iwo akanatani. Anatafuna nthawi yaitali, poti bambo anu akafuna kuthawa funso amatafuna, kenaka anati, "Musakachite mobisa."

Lachitatu ndinaphika ngati mmene Maureen anandiphunzitsira, anyezi osamuthamangitsa. Nthawi ya chakudya itakwana ndinadutsira ku ofesi ya Denise thireyi ili m'manja. "Ndikupita kukadya m'mbale ya a Matewere," ndinatero. "Bwera udzaone wekha, usadzamve kwa anthu." Ndinamva nsapato zake kumbuyo kwanga pamasitepe. 

A Matewere anali pampando pafupi ndi windo, tayi ili m'khosi, masaya atalowa. Atandiona anaumitsa nkhope. Sindinafunse za kumudzi, sindinafunse chilichonse. Ndinaika thireyi, nkukhala pampando wina moyang'anana nawo, nkutenga foloko yawo. Ndinadula nthuli pakati penipeni pa chitumbuwa, nkuiviika mu girevi, nkutapa ndi mbatatesi, nkudya akuona. Ndinamwako ndi madzi a m'tambula yawo. Kenaka ndinapukuta foloko ija nkuiika patsogolo pawo, ine nkupinda manja.

Anandiyang'ana kukhosi kuti aone ngati ndamezadi. Anayang'ana wotchi yawo. Tinadikira, Denise ataima pakhomo, chakudya chikuzizira. Ndinayamba kuganiza kuti ndataya ntchito pachabe. Kenaka anatambasula dzanja, nkutenga foloko.

"Mchere wachepa," anatero atatafuna.

"Ndi lamulo la adokotala, bambo."

"Madokotala," anatero monyoza, nkudulanso nthuli ina.

Anamaliza chitumbuwa chimodzi ndi theka la chinzake. Nditatuluka, Denise anali atatsamira khoma m'khonde. Anandiuza kuti alemba zonse monga mmene waonera, kuti ndadya m'mbale ya wokalamba komanso kuti wokalambayo wadya. Anandiimitsa ntchito masiku angapo podikira eni nyumba, ndipo masiku amenewo a Matewere sanakhudzenso mbale. Thoko anawaimbira eni akewo mpaka kuwatopetsa. Pamapeto pake anandipatsa chenjezo lolembedwa, loyamba ndi lotsiriza pa moyo wanga wonse wa ntchito, nkulola kuti kulawako kukhale gawo la chisamaliro cha bamboyo. Chenjezolo linandiwawa, ndisaname, koma Denise sindinamusungire chakukhosi. Mpaka lero timatumizirana makadi pa Khirisimasi.

Miyezi yotsiriza

Kuyambira pamenepo ndinkakwera masitepe aja pa chakudya chilichonse cha shifiti yanga. Masiku anga opuma ankawalawira Thoko kapena Denise mwiniwake, koma a Matewere ankakonda kuti alawe wophikayo. Thupi linabwererako pang'ono, ndipo za chubu sizinatchulidwenso. Sanandifunsepo dzina, ankangoti mayi. Masiku ena ankandifotokozera za mitengo ya mango ya pasukulu yawo, masiku ena sankayankhula n'komwe. Koma dongosolo silinkasintha: ine ndilawe, iwo ayang'ane wotchi, tidikire, kenaka adye. Mantha awo sanathe, ndipo ndinasiya kuyembekezera kuti adzatha. Ndinavomereza kuti kwa iwo ndidzakhala munthu wokayikitsa mpaka mapeto, bola akudya.

M'nyengo yozizira ya chaka chachiwiri anafooka kwambiri. Tayi anali kuwamanga osamalira, ndipo nyama ndinkaiphwanyaphwanya mu girevi kuti isawavute kumeza. Lachitatu lina, kunja kukugwa kamvula kosatha kaja, ndinaika thireyi monga mwa masiku onse nkutenga foloko. Ndisanaifikitse pakamwa, anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lopepuka, mafupa okhaokha, koma anagwira zolimba.

"Dikirani, mayi. Muli ndi ana inu?"

"Atatu, bambo."

"Aang'ono?"

"Akula, koma ndi ana ndithu."

Anapukusa mutu ngati ndawauza chinthu chopusa kwambiri. "Ndiye mukumadya bwanji zimenezi tsiku ndi tsiku? Anthu aja simukuwadziwa inu. Akhoza kuthira mankhwala inu musakuona." Anandilanda foloko ija. "Bweretsani ndiyambe ine. Ine zanga zinatha."

Anadya nthuli ija, girevi akudontha patayi. Anameza movutikira, nkuyang'ana wotchi, ndipo tinadikira monga tinkadikirira nthawi zonse, koma tsopano woyang'aniridwa anali iwo. Ine misozi inali ikungotsika, osatha kuiletsa. Nthawi itakwana anapukuta foloko ndi kansalu, nkuitembenuza, nkukankhira mbale kwa ine.

"Zili bwino," anatero. "Idyani, mayi."